Mababu a LED aja ndinagula ku Ulónguè

Abale anga, ngati kunyumba kwanu mukadali ndi mababu akale otentha aja, achotseni. Ine ndinagula anayi a LED pa loja ina pafupi ndi msika wa Ulónguè, a 9W, ndipo amawala chimodzimodzi ndi aja a 60W omwe ndinkayatsa kale. Tawerengerani nokha, mababu anayi a 60W kuyaka maola 5 usiku uliwonse pa mwezi ndi ma kWh (mayuniti a magetsi) 36, pomwe awa sakufika ndi 6 komwe, nde Credelec yanga, magetsi olipiriratu aja, pano ikumakhalitsa osati zija zothamangira kukagula mwezi usanafike pakati ana akuwerenga mdima wabwera.

Chondidandaulitsa ndi chimodzi, limodzi linayamba kuphethira patangotha masabata atatu, koma bambo wa pa lojapo anandisinthira popanda mkangano, zimenezo ndinathokoza. Muziwauza ogulitsawo ayese babulo pompo musanapereke ndalama, ndipo risiti musataye.

Kuchipinda tengani oyererako achikasu, oyera mbee aja amalasa m'maso. Magetsi akuchokera kwathu konkuno ku Cahora Bassa inde, koma ndalama yogulira imatuluka m'thumba mwathu, ine chotsatira ndikufuna kusintha ayironi.