Mabasi a ku New York ali ndi makamera

Abale anga kumudziko, lero ndikuuzeni za makamera a m'mabasi, chifukwa akukhudza ntchito yanga yosamalira agogo ena oyenda pa njinga ya olumala.

Misewu yambiri ikuluikulu kuno ili ndi mbali yopakidwa penti wofiira, ya mabasi okhaokha. Koma munthu amangoimikapo galimoto, n'kuyatsa mahazadi, iye ulendo m'sitolo. Ena amaimika pasiteji penipeni. Zikatero basi imaima pakati pa msewu, ndipo kamlatho kachitsulo kamene amatsitsa kuti njinga ya agogo ikwere sikafika m'mphepete. Tsiku lina m'nyengo yachisanu ndinaona agogowa atagwira chikwama chawo mwamphamvu, maso ali pa kamlatho kaja, pakati pathu ndi basi pali galimoto yopanda mwini. Sanayankhule kanthu. Ine mtima unandiwawa.

Bungwe loyendetsa mabasi la MTA linayamba kumangirira makamera pamabasi mu 2019, pa basi ya M15 ya ku Manhattan. Mu 2024 anawonjeza kuti azijambulanso oimika pasiteji ndi oimika galimoto pambali pa inzake. Basi ikamadutsa imajambula nambala, ogwira ntchito a mzinda amaunika zithunzizo, kenako kalata imapita kwa mwini galimoto. Palibe wapolisi woti umunyengerere. Chindapusa choyamba ndi madola 50, ndipo ukamabwerezabwereza chimakwera mpaka 250. Makamera akangoikidwa pa msewu watsopano, masiku 60 oyamba amangotumiza chenjezo.

Si onse akukondwa. Anzathu operekera katundu m'masitolo, ambiri obwera ngati ine ndemwe, amadandaula kuti alibe poima, ndipo ndalama ya tsiku lonse imathera pa kalata imodzi. Dandaulo lawo n'lomveka, mzinda uwapatse malo otsitsira katundu. Komabe siteji ndi ya okwera basi, ndipo ambiri mwa iwo alibe njira ina yofikira kuntchito kapena kuchipatala.

Chimene ndikulakalaka n'chakuti njira za njinga zitetezedwenso mwamphamvu chomwechi. Galimoto ikatseka njira yawo, anyamata operekera chakudya pa njinga amakhotera pakati pa malole, iwe woonerera n'kugwira m'mutu. Ku Chicago anayamba kale mu 2024 kujambula oimika m'njira za njinga.

Inu amene mukukonzeka kubwera kuno kudzagwira udalaivala, musabwereke galimoto ya mnzanu n'kuiimika pofiira, chifukwa kalatayo idzafika m'dzina lake.