Pleco yandithandiza pa ma radical a Chitchaina

Anzanga ofuna Chitchaina, app ya Pleco ndaigwiritsa miyezi itatu tsopano kuno ku Senga Bay ndipo ndanena ndilembeko. Ndi dikishonale, yoyambirayo ndi yaulere, ukangoidawuniloda imagwira opanda bando, zomwe kwa ife kuno ndi nkhani yaikulu.

Poyamba zilembo zija ndimangoona ngati mapazi a nkhuku pamchenga, mpaka nditadziwa kuti zili ndi tizidutswa tobwerezabwereza, ma radical, onse alipo 214 koma musachite mantha, yambani ndi 20 kapena 30 omwe amapezeka paliponse. Kanga kapamtima ndi 氵, timadontho titatu ta madzi, kali mu 湖 nyanja, 河 mtsinje, 洗 kuchapa, ndiye ndikakhala pagombe madzulo ndimangosaka zilembo zake basi. 口 ndi kamwa, kali mu 吃 kudya ndi 喝 kumwa. Koma yomwe inandikhudza zedi ndi 休, munthu 亻 watsamira mtengo 木, tanthauzo lake kupuma, ndendende agogo anga pansi pa mango masana.

Matanthauzo a mu Pleco ndi a Chingerezi ndiye chizungu chikufunikako pang'ono. Ine ndimakoperanso mu kope ndi bolopeni, dzanja likalemba mutu umasunga msanga.