Kufufuza mbiri ya makolo ku National Archives ku Zomba: zothandiza kwa a ku Mangochi

Malowa, komwe boma limasungako zolembedwa zakale, ndi othandiza, koma musapite mutangonyamula dzina la agogo lokha. Yambani mwafunsa akuluakulu a kumudzi dzina la mudzi, nyakwawa ya nthawiyo ndi mfumu yaikulu, kaya Mponda, Makanjira, Jalasi kapena Nankumba. Mafayilo a nthawi ya atsamunda salemba Mangochi ayi. Funsani maina akale a bomali, Fort Johnston kapena South Nyasa.

Za kalembera musadalire kwambiri. Kalembera wa 1931 ndi wa 1945 amapereka chiwerengero cha anthu, osati maina. Chuma chili m'mabuku a DC ndi m'milandu ya makhoti a mafumu, omwe anakhazikitsidwa mu 1933. Mlandu wa munda kapena wa ukwati umatchula mwinimbumba, ankhoswe ndi mboni, banja lonse pa tsamba limodzi. Malo a makolo sankalembetsedwa, choncho za malire zimapezeka pokhapokha panali mkangano.

Chimasokoneza ambiri ndi maina. Munthu mmodzi ankakhala ndi la paubwana, la kujando, lina la ku Joni, ndipo kalaliki ankalemba momwe wamvera. Yesani kalembedwe konse. Aanglikani afunsenso mabuku a ubatizo ku Malindi.

Tsiku limodzi silikwana. Konzekerani kugona ku Zomba.