Flutter: kachipangizo kothandiza mwana wathu wa matenda a Kartagener kuchotsa makhololo

Mwana wathu wamkazi anabadwa mtima uli kudzanja lamanja ndipo chiwindi chili kumanzere, koma tinazindikira zimenezi ali ndi zaka zinayi atamujambula X-ray, pomwe n'kuti kuchipatala china atamuganizira kale chifuwa chachikulu kawiri konse chifukwa chotsokomola makhololo mosalekeza ndi mamina osauma. Titasamukira ku Leicester, komwe kuli amodzi mwa malo oyezera matendawa ku England, anamupeza ndi primary ciliary dyskinesia. Timaubweya ta m'njira za mpweya, timene timasesa makhololo kuwakweza kukhosi, sitigwira bwino ntchito mwa iye. Pafupifupi theka la odwala matendawa amakhala ndi ziwalo zotembenuka, ndipo ameneŵa ndi amene amatchedwa a Kartagener, dzina la dokotala wa ku Zurich, ku Switzerland, amene anawafotokoza mu 1933. Mwana amawatenga kwa bambo ndi mayi omwe, ngakhale makolowo asakudwala, ndipo mankhwala ochiziratu kulibe.

Choncho ntchito imene timaubweya tija talephera imagwa m'manja mwathu, m'mawa ndi madzulo, ndipo m'menemo ndi mmene Flutter yatithandizira kwa zaka ziwiri tsopano. Imaoneka ngati kaliwo wa agogo, ndipo m'kati mwake muli kampira kachitsulo kamene kamadumphadumpha munthu akamapumiramo, moti kunjenjemerako kumafika m'mapapo n'kumasula makhololo amene anamatirira. Dokotala wa mafizo anatiphunzitsa kuti mwana akoke mpweya, augwire pang'ono, kenako autulutse masaya atalimbitsa, ndipo akabwereza kangapo atsokomole. Ndikaika dzanja pachifuwa pake ndimamva kunjenjemera kuja ngati kwa mphaka wogona, ndipo ndimadziwa kuti wagwira bwino.

Chofunika kuchidziwa musanagule n'chakuti kampirako kamadalira kulemera kwake, kotero kachipangizoka kamafuna munthu atakhala tsonga, atakagwira mopendekera moyenera. Mwana akakaweramitsa kwambiri, kunjenjemera kumatha. Amene akufuna kuchita mafizo chogona angafunse za kachipangizo kena kotchedwa Acapella, kamene kamagwiritsa ntchito maginito. Kwa ife zinangotenga milungu ingapo kuti mwana azolowere kagwiridwe ka Flutter.

Chimene ndimayamikira kwambiri n'chakuti Flutter safuna magetsi kapena mabatire. Titapita kumudzi ku Dedza chaka chatha, mwana sanaphonye tsiku ngakhale limodzi, ndipo kutsuka kwake kunali kungoimasula, kuitsuka m'madzi ofunda a sopo ndi kuiyanika, kampira titakasunga kutali ndi mng'ono wake amene amaika chilichonse m'kamwa. Sinalowe m'malo mwa mankhwala opha tizilombo amene amapatsidwa chifuwa chikakula, koma usiku akugona bwino kuposa kale, ndipo ndingailimbikitse kwa kholo lililonse limene dokotala wa mwana wake wavomereza.