Ka GPS kanga ka geocaching patatha miyezi 14: kamaloza bwino koma kanali kongozima

Mnzanga wandifunsa dzulo kuti "aise, ndigule ka GPS kam'manja ngati kako kaja kapena ndizingoyendera foni?" Ndiye ndati ndimuyankhire pompano, chifukwa nditangokagula ndinakatama kwambiri moti mwina ena munagula chifukwa cha ine. Ngati zinatero pepani, werengani kaye mpaka pansi.

Kwa amene simuzidziwa, geocaching ndi kusaka timabokosi tomwe anthu anabisa, ma cache. Mwini wake amaika manambala a malowo pa geocaching.com, iwe umawatsatira, ukapeza umasaina m'kabuku kali mkatimo n'kubwezera momwe unapezera. Zinayamba mu May 2000 boma la America litasiya kusokoneza dala GPS ya anthu wamba, yomwe inkatha kuphonya ndi mamita 100, ndipo pa 3 May Dave Ulmer anakabisa ndowa yakuda kufupi ndi Beavercreek ku Oregon kuti aone ngati wina angaipeze. Ndiye masewerawa anabadwira pa kuloza molondola basi, n'chifukwa chake ndinalolera kutulutsa ndalama.

Pa kuloza sindinama, kali bho. Pansi pa mitengo yowirira pomwe foni imangodumphadumpha, iko kamandifikitsa pa mamita 3 kapena 4, kotsalako ndi maso ako. Sikirini imaoneka padzuwa. Mabatani amagwira ngakhale manja ali matope okhaokha. Mvula yakanyowetsa kangapo osalowa madzi. Mabatire awiri a AA amakhala tsiku lonse.

Vuto linali limodzi ndipo linanditopetsa, kankazima kokha kakangogwedezeka. Osati kugwa pansi ayi, kungodumpha ngalande kapena kukagunditsa pang'ono pa bondo, wayang'ana sikirini yada bii. Poyamba ndinkati mabatire atha, kusintha, chimodzimodzi.

Tsiku lomwe kanandipweteka mtima ndi la cache yanga ya nambala 100. Anthu a masewerawa manambala oterewa timawatenga ngati tsiku lobadwa, sungapange 100 pa kanano, kabokosi kakang'onong'ono komata ndi maginito kuseri kwa chikwangwani, umasankha malo oti uzikawakumbukira. Ine ndinasankha multi ina ya paphiri, kuvuta kwa kuipeza 3, kuvuta kwa njira 4 pa muyeso wofika 5. Multi ndi ija umapeza siteji yoyamba n'kukupatsa manambala a yotsatira. Yoyamba ndinaipeza msanga. Yachiwiri inali kachitsulo kolembedwa manambala pansi pa thanthwe, ndinagona chamimba kuwerenga, n'kumalowetsa limodzilimodzi ndi timabatani tija, ntchito yofuna mtima. Ndisanaseve ndinati nditsike kaye pamwala poti panali poterera, kudumpha kamodzi kokha, kazima. Kuyatsa, kudikira kagwire masetilaiti, pamafunika anayi kuti kadziwe bwino pomwe uli ndipo pakati pa matanthwe kamachedwa, manambala aja palibe. Kukweranso, kugonanso chamimba, kulowetsanso, ulendo uno ndinaseva. Njira yopita ku bokosi lenileni inali ya miyala yokhayokha ndiye kanazima kanayi, ndinkakanyamula ngati dzira koma ayi ndithu, pofika pomwe kankati kwatsala mamita 60 kunja kunali kutada ndipo tochi ndinalibe. Ndinabwerera ndili pa 99.

Usiku womwewo ndinalemba DNF, kutanthauza kuti sindinapeze. Ambiri amachita nayo manyazi koma imathandiza mwini cache kudziwa ngati bokosi lasowa. Kungoti ndinafotokoza bwinobwino kuti vuto ndi makina anga, pamalopo sindinafike n'komwe, kuopa kuti munthu angakwere phiri lonse lija kukayang'ana chinthu chomwe chili bwinobwino.

Tsopano wogulitsa. Pogula ankayankha uthenga mphindi yomweyo, "bwana" pano "bwana" apo. Nditadandaula panapita masiku anayi. Anafuna risiti, ndinatumiza. Kenako "bwana mukugwiritsa mabatire amtundu wanji?" ndati ochaja, akuti ndisinthe mu settings ndiike NiMH. Malangizowo ndi olondola, amathandiza kuti kaziwerenga mphamvu ya batire moyenera, koma sanali matenda ake. Pomaliza anati nditumize, ndalama yotumizira yanga. Kanakhala kumeneko masabata 5 n'kubwera ndi kapepala koti sanapeze vuto lililonse. Inde sangapeze, patebulo kamadumpha ngalande? Ndinawajambulira vidiyo ndikukagogoda pachikhatho kakuzima, yankho linali loti atumiza kwa akuluakulu, kenako zii mpaka warranty ya miyezi 12 inatha. Masabata 5 onsewo ndinakhala dala pa 99, kudutsa ma cache osavuta osasaina, mwano wanga womwewo.

Anandipulumutsa ndi madala ena pa event ya CITO, ija timakumana kutola zinyalala pamalo omwe timasakako. Ali ndi ma find, ma cache omwe anapeza, masauzande. Ndinangoyamba kudandaula iwo amvekere "tabweretsa kuno mphwanga". Anatsegula kumbuyo, kugwedeza, mabatire akuchita khwekhwe. Akuti timasipuling'i tafooka, ndiye kakagwedezeka batire imasiyana ndi kachitsulo kwa kanthawi kochepa, magetsi n'kuduka. Anang'amba kapepala kosainira komwe amayenda nako kosinthira m'ma cache onyowa, kukapinda kanayi, kuika pakati pa mabatire ndi chivindikiro, kutseka, kenako kukamenya pa ntchafu katatu. Osazima. Ndinaseka koma mkati ndikupsa mtima, masabata 5 ndi ndalama yotumizira pa chinthu cha kapepala.

Sabata yotsatira ndinabwerera kuphiri kuja, kanazima ziro. Bokosi linali kuseri kwa mwala, pamwamba ataunjikapo timitengo mwadongosolo lija loti aliyense wosaka amalizindikira patali. Ndinasaina, ndinatengamo kandalama kakale n'kusiyamo kikhoda yabwinoko poti lamulo ndi loti usiye chofanana kapena choposa chomwe watenga, ndipo pa log, pomwe timalemba pa intaneti za ulendowo, sindinangolemba TFTC, kaja kachidule kongothokoza mwini cache, ndinalemba nkhani yonse. Tsiku limenelo ukanandifunsa ndikanati gula.

Lero ndikuti dekha kaye aise. Bilu ya Premium, umembala wolipira wa pa geocaching.com, yangobwera kumene, ndipo ka GPS popanda Premium n'kovuta chifukwa pocket query, yomwe imakulola kutsitsa ma cache mpaka 1000 kamodzi n'kuwaika m'makina, ndi ya olipira okha. Phatikiza mtengo wa kamakinako, chaja, mabatire, ndi yotumizira ija yomwe sindinabwezeredwe. Ma find anga 30 oyamba ndinapeza ndi foni, ndipo ngati ukusaka m'tauni ndi m'mapaki foni ikukwanira. Ukayamba za m'nkhalango ndi m'mapiri kopanda netiweki ndi pomwe kamakina kamabweza ndalama zake. Ukafika pamenepo gula poti ungapite n'kumuona munthu maso ndi maso, uikemo mabatire ako, ukagogode pachikhatho iye akuona.

Wogulitsa uja wandilembera sabata yatha, osati za dandaulo langa, akuti kwabwera mtundu watsopano ndipo andichotserako pang'ono poti ndine kasitomala wakale. Ndamutumiziranso vidiyo ija.