Kosi ya Husserl ndi Heidegger: ndi yabwino koma aphunzitsi ali ndi mbali

Ndamaliza mavidiyo onse a kosi iyi ya afilosofi awiri a ku Germany, ndiye amene mukufunsa ngati ili yogula, eya gulani, koma dziwiranitu kuti aphunzitsiwa mtima wawo uli kwa Heidegger ndipo sabisa nkomwe.

Pomwe andikwanira ndi pa kusiyana kwa njira za anthu awiriwa, poti ambiri amangoti onse ndi a phenomenology (filosofi yofotokoza mmene zinthu zimaonekera kwa munthu) basi nkhani yatha. Husserl anayambira ku masamu, ndiye ankafuna filosofi yolimba yosagwedera. Njira yake ija amati epoché, siya kaye funso loti chinthucho chilipodi kunjaku kapena ayi, usakane usavomere, ungofotokoza mmene chikuonekera kwa iwe ukamachiona kapena kuchikumbukira. Heidegger, yemwe anali womuthandizira ku yunivesite ya Freiburg kuyambira 1919, anati ayi bwana, munthu sungatuluke m'dziko n'kumaliyang'ana uli pambali, umangozindikira uli kale mkatimo, ukugwira ntchito, ukuda nkhawa, ukudziwanso kuti udzafa. Gawo la hamala ndiye ndalibwereza mpaka kutopa. Kalipentala akamakhoma msomali saganizako za hamala, maso ali pa thabwa, hamalayo amadzaiyang'anitsitsa tsiku lomwe yaguluka mpini. Ndiye kwa Heidegger kukhala phee n'kumayang'anitsitsa chinthu kumabwera pambuyo, ntchito ikasokonekera, si poyambira ayi. Apa aphunzitsi amatha zedi, ngakhale mavidiyo ena mawu ndi otsika mpaka uvale mahedifoni.

Chondiwawa n'choti Husserl amutenga ngati makwerero ongokwererapo kuti tikafike kwa wophunzira wake. Mfundo ya Husserl yoti kuganiza kulikonse ndi kuganiza za chinachake, yomwe anaitenga kwa mphunzitsi wake Brentano, angoidutsa chothamanga, chonsecho Heidegger sakanafika pomwe anafikapo popanda imeneyo. Za mu 1927, pomwe awiriwa anayesa kulemba limodzi nkhani ya mu Encyclopaedia Britannica n'kulephera kumvana, zilimo pang'ono chabe, koma pajatu ndi pomwe kusiyanaku kunaonekera poyera. Nanga zoti Heidegger anatenga mpando wa uprofesa wa Husserl mu 1928, kenako n'kulowa chipani cha Nazi cha Hitler mu 1933 nthawi yomwe Husserl ankasalidwa chifukwa chobadwa Myuda? Chiganizo chimodzi basi, aphunzitsi n'kupitiriza zina. Zimenezo sindinagwirizane nazo.

Mafunso a kumapeto kwa gawo lililonse ndi ophweka mopitirira, ongofuna zaka ndi mayina. Nyenyezi zitatu, yachinayi ndidzawonjezera akadzakonza mawu aja n'kumupatsa Husserl gawo lakelake.