Kafe ya intaneti ya kufupi ndi mlatho, pa boma

Ine ndili ndi digiri ya biology koma mtima wanga uli pa unesi, ndiye ndikuapulaya mapulogalamu a ku America aja oti ukakhala ndi digiri kale umamaliza pa miyezi 12 mpaka 18. Mafomu a NursingCAS (webusayiti yoapulayira masukulu a unesi a ku America) pa foni amandivuta zedi, basi ndinapita pa kafe ija ili kufupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi ku Mangochi. Achimwene a pamenepo Mulungu awadalitse, anandisikanira transcript (mapepala a magiredi anga a ku yunivesite) tsamba ndi tsamba mpaka chidindo kuoneka bwinobwino, magetsi atathima anayatsa jenereta osandikwezera mtengo. Chondidandaulitsa kutentha, fani imodzi anthu 6, thukuta kumadonthera pa kiyibodi. Masana netiweki imakoka, pitani mmawa. Lachisanu ndibwereranso ndi mapepala a anatomy ndi microbiology.